Tsiku Limene Atate Anagwira Mzati

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene denga la simenti linagwera atate anga. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa sindikonda anthu ozungulira nkhani ngati galu wofuna pogona. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi mmene zinakhalira kuti munthu wochenjera ngati iwo aime pansi pa denga limenelo, anzawo onse atathawira pabwalo.

Tinkakhala pafupi ndi kamsika kena ka m'njira yochokera ku vila ya Milange kupita ku Mongue. Inali nthawi ya Apwitikizi. Anzathu a kutsidya kwa mtsinje wa Ruo anali atangoyamba kudzilamulira, ife tikuvulirabe chipewa shefu wa posto, mzungu wa boma wolamulira dera lathu. Atate anali telala, ndipo anthu ankawatchula kuti Mesitiri Dyogo, ndiye kuti mmisiri Dyogo. Anali munthu wamtali, woonda, wokonda nthabwala, wotha kuseka mapini ali kukamwa osameza ngakhale imodzi. Amayi ankalima nyemba ndi kukagulitsa pamsikapo. Ana awo ena anamwalira ali makanda, ndinatsala ndekha ine Filomena, amene aliyense ankangonditchula kuti Mena.

Kudera lathu la mapiri zivomezi zing'onozing'ono sizinali zachilendo, ndipo pabanja pathu panali lamulo lake: nthaka ikagwedezeka, gwira mzati. Atate analilandira kwa atate awo. Nyumba zathu zinali zamitengo, zomangidwa ndi luzi, zomatidwa dothi, zofoleredwa ndi udzu, ndipo pakati pake pankaima mzati wokumbiridwa pansi kwambiri. Ankati dothi la m'zipupa likhoza kuthothoka n'kukupweteka, pakhomo mukhoza kupondana, koma pamzati palibe chingakugwere choposa mwaye.

Ndinaziona ndi maso ndili wamng'ono ndithu. Anali masana a mvula, tonse tili m'nyumba. Mbale zinayamba kulira zokha pathandala, nkhuku zinabalalika pakhonde, ndipo Atate anafuula kuti, "Mena, kumzati!" Tinaukumbatira tonse atatu. Nyumba inalira ngati dengu lakale likamasenzedwa, luzi likukukuta, mwaye ukutigwera m'maso. Kenako kunangoti zii. Atate anandiyang'ana nkhope yawo ili bii, nayamba kuseka.

"Waona? Nyumba imavina, koma ukaigwira m'chiuno siigwa."

Kuyambira tsiku limenelo lamulolo linalowa m'mafupa mwanga. Sindinkalikayikira, monga mmene sindinkakayikira pemphero la Atate Athu.

Pamsika paja panali nyumba imodzi yosiyana ndi zonse. Inamangidwa ine ndisanabadwe ndi anthu ogula thonje, ndipo iwo atachoka anaigula mzungu wina wamalonda amene tinkangomutchula kuti Patarau, naisandutsa sitolo, imene kwathu timati kantina. Denga lake silinali lamalata kapena laudzu. Linali pulaka, ndiye kuti simenti yothiridwa nthawi imodzi n'kuuma kukhala chimwala chimodzi chafulati, chokhuthala. Chimwalacho chinangokhala pamitu pa zipilala zoonda, popanda mitanda pansi pake, ndipo kutsogolo chinatulukira kunja n'kupanga khonde lalikulu lozizira.

Nyumbayo tinkaipatsa ulemu, ndinene zoona. Sinkadontha ngati zathu, moto sukanaitentha, chiswe chinkangoiyang'ana. Mphepo yamkuntho ikabwera n'kuyamba kusasula madenga, anthu onse a pamsika ankathamangira pakhonde pake, ndipo nthawi zonse inkawasunga. Ankaitchula nyumba yamuyaya. Ndiye tsiku limene Patarau analola Atate kuika makina awo osokera pakhondepo, kunyumba kwathu kunaphedwa nkhuku. Kale ankasokera pansi pa mtengo wa mango, kumene mbalame zinkawaonongera nsalu za eni. Tsopano anali telala wa pakantina ya pulaka, ndipo anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Amayi ankawaseka kuti, "Abambo ake a Mena, khonde la eni lakutukumulani ngati munalimanga ndinu."

Anasankha malo pafupi ndi chipilala chapakati. Anachizunguliza waya n'kumapachikapo zovala zomwe atha kusoka, ankachitsamira akamadya, ndipo ankachitchula kuti mzati wanga.

Ine ndikaweruka kusukulu ya kumishoni ndinkapita komweko kukapinda m'mphepete mwa nsalu ndi kusokerera mabatani. Ndikatopa ndinkagona chagada pazidutswa za nsalu n'kumayang'ana kumwamba, choncho dengalo ndinkalidziwa kuposa mwini wake. Pamwamba pa chipilala chilichonse, pamene chinakumana ndi pulaka, panali mng'alu wochizungulira. M'nyengo yamvula mng'aluwo unkatulutsa madzi ofiira, n'kusiya mizere yadzimbiri yotsika m'chipilala. Pena simenti inkasuwa n'kugwa tizidutswa, mkati n'kuoneka kachitsulo kodyeka. Ndinkaziona ngati maluwa ojambula. Akuluakulu nawonso ankaziona, koma palibe ankadziwa kuti zikunena chiyani, ngakhale Patarau amene. Chaka chilichonse Khirisimasi ikamayandikira ankaitana anthu kudzapaka laimu, nyumba n'kuyera mbee, ife n'kumati yabwerera utsikana.

Chaka chimenecho anthu anakolola kwambiri. Patarau anagula chimanga ndi nyemba mpaka chipinda chosungira katundu chinadzaza. Zotsala anazikweza padenga, pakuti pulaka inali malo abwino oyanikapo: mbuzi sizifikapo, akuba sakwerapo. Matumba anasanjikizana pamwambapo n'kufunditsidwa lona, pambali pa thanki yamadzi imene inalipo kale. Aliyense wodutsa ankayamikira nzeru zake.

Linali tsiku la msika, nyengo yadzuwa, m'mawa dzuwa litakwera. Amayi anali pansi pa mango ndi lichero lawo la nyemba. Atate ankasoka thalauza la msipayi wina, mmodzi wa apolisi achikuda a kuposto. Ine anandituma kukatunga madzi akumwa, ndipo ndinali ndikubwerera, phazi limodzi lili pasitepe ya khonde, pamene ndinamva mkokomo wochokera kumapiri. Ndinayesa lole ikubwera pamsewu wamabampu. Agalu anayamba kuuwa onse pamodzi. Kenako sitepe ija inachoka pansi pa phazi langa n'kubwereranso.

Chivomezi chimenechi sichinali ngati zija tinazolowera. Nthaka inkakankha cham'mbali, uku ndi uku, mwaukali. Anthu amene anali pakhonde ndi m'kantina anatuluka akukuwa, ena akudumphira m'fumbi. Sindikunena kuti iwo ankadziwa kanthu. Anangochita mantha, ndipo mantha awo anawapulumutsa. Atate sanachite mantha. Anaimirira, nakumbatira chipilala chija ndi dzanja limodzi, lina natambasulira kwa ine.

"Mena, kumzati!"

Ndinataya chikho n'kuyamba kuthamangira kwa iwo. Sindinafike. Mayi wina wonenepa amene ankathawa ndi dengu pamutu anandiomba pachifuwa, tonse awiri tinagwera pabwalo, iye pamwamba panga. Mpaka lero sindidziwa dzina lake.

Ndili chigonere m'fumbimo ndinaona zonse. Zipilala zinkapita uku, pulaka ikutsalira uko, ngati sizinamangidwe pamodzi. Pamitu pa zipilala, m'ming'alu muja, munkatuluka fumbi loyera lothothoka ngati ufa. Kenako kunamveka kuphulika ngati mfuti, ndipo mutu wa chipilala cha Atate unaboola pulaka n'kutulukira pamwamba, chimwala chonse n'kutsetsereka m'chipilalamo kupita pansi. Chitangogonja chimenecho, kulemera konse kunagwera zinzake, nazonso zinaboola motsatizana. Mtengo ukamagwa umayamba wapendekeka, umalira, umakupatsa mpata woti uthawe. Denga lija silinapendekeke. Linali kumwamba, kenako linali pansi.

Fumbi litachepa, zipilala zinali chiimire, zitatulukira pamwamba pa denga lawo lomwe. Chimanga chinkakhuthuka m'matumba ong'ambika, madzi a m'thanki akuyenderera m'ming'alu. Kuzungulira msika wonse nyumba zadothi zinali zili chilili. Zina zinang'ambika zipupa, ina inapendama, koma eni ake anatuluka akudzisasa fumbi.

Amayi anafika akukuwa m'Chilomwe, chinenero cha kwawo chimene ankachiyankhula akapsa mtima kapena akamapemphera. Anagwada m'mphepete mwa chimwalacho n'kumaitana. Ndipo kuchokera pansi, ngati munthu woyankhula ali m'chitsime, tinamva mawu.

"Amake Mena, musakuwe choncho. Mwana ali kuti?"

Anali moyo. Miyendo yachitsulo ya makina osokera inapindika koma sinathyoke, ndipo inachirikiza chidutswa cha pulaka n'kusiya kamphako pamene panali mutu ndi chifuwa chawo. Kuyambira m'ntchafu kupita kumapazi anali atapanikizidwa.

Amuna anathamangira kunyumba kukatenga makasu ndi nkhwangwa. Apa ndi pamene ndinayamba kudana ndi simenti, ndipo chidani chimenecho sichinathe. Nyumba yadothi ikakugwera, abale ako amakufukula ndi manja. Koma apa khasu linkangodumpha, nkhwangwa inkangotulutsa moto n'kubuntha. Amuna amphamvu, olima madimba, anaima thukuta lili kamukamu, osadziwa poyambira. Patarau anatulukira kumbuyo akukwawa, magazi ali chuchuchu pamphumi. Iye anapulumuka chifukwa anagwera pansi pa kauntala yake yamatabwa okhuthala. Ataona zimene zachitika anagwira mutu, naitana Mulungu m'Chipwitikizi nati, "Meu Deus, Mesitiri!" Anatuma atsibweni anga a Alubeto, mlongo wawo wa Amayi, kuti apalase njinga mpaka kuminda ya tiyi akapemphe majeke, nyundo zazikulu ndi lole. Kenako iye mwini anayamba kusenza matumba kuwachotsa pamwamba pa denga, anthu onse namutsatira, amayi ndi ana omwe.

Pakati pa chimwala ndi pansi panali mpata woti mwana yekha ndiye akanalowetsamo mutu ndi mikono. Ndinagona chafufumimba n'kudzikankhira mkati. Munkanunkha fumbi la simenti ndi mafuta a makina. Nkhope ya Atate inali yoyera ngati ya munthu wochokera kuchigayo, maso okha akuphethira. Ndinkanyika kansalu m'madzi n'kuwafinyira m'kamwa.

"Thalauza la msipayi lija laonongeka," anatero. "Akabwera umuuze kuti telala watsekera msanga lero."

Sindinaseke. Akupuma movutika, anafunsa ndi mawu ena, opanda nthabwala.

"Pamene ndinakuitana paja, unali kuti?"

"Ndimabwera, Atate. Mayi wina anandigwetsa."

"Umabwera?"

"Eya. Ndinatsala pang'ono kufika."

Anatseka maso. Ndinaona misozi ikutsika m'mbali, ikusiya mizere m'fumbi la kumaso kwawo. Aka kanali koyamba kuwaona akulira, ndipo zinandiopsa kuposa chivomezi.

"Mayi ameneyo Mulungu amudalitse," anatero. "Ndikanakupha ndi pakamwa panga, mwana wanga. Mzati uwu si wathu. Ndinaupatsa dzina la kwathu, koma sindinaudziwe."

Dzuwa linafika pamutu, linayamba kupendeka, atsibweni osaoneka. Amayi anakhala pafupi ndi mapazi anga akuwerenga korona. Atate ankayankhula pang'onopang'ono za zinthu wamba: kuti diresi lobiriwira ndi la mkazi wa katekisiti, kuti mbuzi yathu yaikazi isagulitsidwe chifukwa ili ndi bere. Ndinagwira zala zawo, zinali zozizira.

Ndiye nthaka inagwedezekanso. Sikunali kwamphamvu ngati koyamba, koma chimwala chinakukuta pamwamba pathu, miyendo ya makina inalira, fumbi linatigwera m'maso. Kunja ndinamva anthu akuthawa. Ine ndinachita chimene ndinaphunzitsidwa: ndinagwiritsitsa. Panalibe mzati woti ndiugwire, ndiye ndinagwira dzanja la Atate ndi manja onse awiri.

Iwo analisolola mwamphamvu, nandikankha pamphumi.

"Tuluka! Thawira pabwalo! Mena, ndisiye, thawa!"

Sanandikalipirepo choncho chibadwire. Ndinabwerera chafutambuyo, Amayi anandikoka miyendo, tinathamangira pansi pa mango. Kugwedezeka kutatha ndinapeza kuti mpata uja wachepa, moti mutu wanga sukanalowanso. Mawu awo ankamvekabe, ndipo chimene anafunsa choyamba n'chakuti ngati ndatuluka wamoyo. Atamva kuti ndili bwino analamula Amayi kuti asandilolenso kuyandikira.

Lole inafika dzuwa litatsika, atsibweni ali pamwamba ndi njinga yawo, pamodzi ndi amuna a kuminda ya tiyi. Anaika majeke, anatsamiritsa mitengo, nayamba kuswa simenti ndi nyundo. Pamene inkasweka ndinaona zimene zinali mkati mwa nyumba yamuyaya ija. Zitsulo zinali zochepa, zoterera, zina zitadyeka ndi dzimbiri mpaka kuonda ngati singano yosokera matumba. Pafupi ndi chipilala zina zinangosololoka m'simenti osaduka n'komwe.

Anawatulutsa dzuwa lisanalowe. Amayi a pamsika analulutira, ena anagwada kuthokoza Mulungu, Patarau anakhala pansi m'fumbi n'kulira ngati mwana. Atate anawagoneka pamatumba m'lole, ndipo pamene inkanyamuka anakweza dzanja kutsazika anthu. Tonse tinayesa kuti zatha bwino. Ine ndinkangoganiza zoti ngati miyendo yawo sidzachira, ndidzawapalasira makina ndine.

Kuchipatala cha ku vila miyendo inatupa n'kuda, mkodzo unasiya kutuluka. Namwino wina wachikulire anatengera Amayi pambali n'kuwauza kuti mnofu ukapsinjika nthawi yaitali umaola mkati, ndipo munthu akamasulidwa, zoipazo zimalowa m'magazi n'kupha impso. Anamwalira patapita masiku ochepa, masana, Amayi atawagwira mutu, ine nditakhala kumapazi. Sananene mawu aakulu aliwonse. Anali atatopa.

Zaka zambiri zapita. Apwitikizi anachoka, nkhondo inatithamangitsira kutsidya kwa Ruo, tinabwerera, ndinakwatiwa, ndinabereka. Mwana wanga wachiwiri ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo ndi iye amene anandimasulira zimene ndinaziona ndili chigonere m'fumbi. Akuti nthaka ikasuntha, zipilala zimasuntha nayo, koma denga lolemera limafuna kutsala pomwe lili, ndipo ukaliwonjezera katundu limakaniratu. Kulimbana konseko kumachitikira pamalo aang'ono pamene denga lakhudza mutu wa chipilala. Amisiri akale sankaikapo zitsulo zokwanira zomangirira ziwirizo pamodzi, pakuti ankangoganiza za kulemera kotsikira pansi, osati kukankha kwa cham'mbali. Simenti payokha sidziwa kupindika, imangothyoka. Akuti masiku ano omanga bwino amaika mitanda, amakulitsa mutu wa chipilala, amaluka zitsulo zokhakhala n'kuzimanga ndi mphete, kuti nyumba ing'ambike koma isagwe anthu asanatuluke. Ndinamufunsa ngati nyumba zakale zija zinatha. Anati ayi, zilipo zambiri m'matauni, zopakidwa penti wokongola, pena anazionjezera chipinda china pamwamba.

Ndinakhala nthawi yaitali ndili ndi mkwiyo, ndipo ndinkausuntha kuchoka pa munthu uyu kupita pa uyo. Ndinakwiyira Patarau ndi matumba ake, koma munthuyo ankagona m'nyumba yomweyo. Ndinakwiyira agogo amene sindinawaonepo chifukwa cha lamulo lawo, koma lamulolo linasunga ana awo onse m'nyumba zimene iwo ankazidziwa. Nthawi zina, Mulungu andikhululukire, ndinkakwiyira Atate eni ake, chifukwa kuchoka pamene anaima kukafika pabwalo sipanali patali. Anthu amantha anakhala ndi moyo, iwo olimba mtima ndi omvera makolo n'kufa. Zimenezi zimandiwawabe, ndipo sindinamizira kuti ndinazivomereza.

Timakonda kunena kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Sinditsutsa. Koma ndaphunzira kuti langizo lililonse lili ndi kwawo, lili ndi nyumba imene linabadwiramo, ndipo ukalitenga kupita nalo m'nyumba ina uyenera kuyamba wayang'ana kumwamba n'kufunsa chimene chanyamula dengalo. Dziko lathu linkasintha mofulumira kuposa malamulo a pabanja pathu, ndipo palibe anatiuza.

Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene Atate analili pomwalira, moti ndikanatha kukhala mayi wawo. Ndaona amuna ambiri akukakamira mawu awo ngakhale zitaoneka poyera kuti alakwa, kuopa manyazi pamaso pa ana. Atate anandilamula kawiri tsiku limenelo. Lamulo loyamba analilandira kwa makolo awo, ndipo linali loti ndibwere kwa iwo. Lachiwiri analiphunzira okha ali pansi pa chimwala, pamene dzanja langa linali chinthu chokhacho chofunda chimene akanachigwira m'mdima muja. Linali loti ndiwasiye. Ndinamvera, n'chifukwa chake ndakalamba.